Mmene Mungasamalire Njoka Yoweta Ikamafundula ndi Pamene Yadwala

Njoka ikadwala siilira, siitsimphina, ndiponso nkhope yake siisintha kuti mwini wake adziwe kuti ikumva kuwawa. Pachifukwa chimenechi, munthu woweta njoka ayenera kudalira zizindikiro zina, ndipo chodalirika kuposa zonse ndi khungu limene njokayo imasiya ikafundula. Khungu likatuluka lathunthu, kuyambira kumlomo mpaka kunsonga ya mchira, ndiye kuti kutentha ndi chinyezi m'khola zili bwino. Likatuluka m'zidutswazidutswa, ndiye kuti pena pake palakwika, ndipo nthawi zambiri cholakwikacho chimakhala m'khola osati m'thupi la njokayo.

Malangizo awa akunena za njoka zopanda poizoni zimene anthu amaweta kwambiri m'mayiko monga South Africa ndi Britain. Ziwiri zodziwika kwambiri ndi ball python, nsato yaing'ono yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi corn snake, yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa United States. Njoka yogwidwa kutchire ndi nkhani ina. Nsato zonse zili pa ndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndipo ku Malawi kusunga nyama yakutchire kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako zachilengedwe. Kuwonjezera apo, njoka yakutchire imabwera ndi nkhupakupa ndi nyongolotsi, ndipo kawirikawiri imakana kudya ikatsekeredwa.

Yambani ndi kuyeza, osati kuyerekeza

Thupi la njoka silidzipangira lokha kutentha. Kuti igaye chakudya, kuti ilimbane ndi matenda, ngakhalenso kuti ipange khungu latsopano, imadalira kutentha kwa malo amene ili. Choncho chinthu choyamba kuchita ndi kuika zipangizo ziwiri zoyezera kutentha, china kumbali yofunda ya khola, china kumbali yozizira, komanso kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer. Kuyesa ndi dzanja n'kosathandiza, chifukwa malo amene dzanja la munthu likumva kuti ndi ofunda pang'ono amatha kukhala otentha mokwanira kuwotcha mimba ya njoka.

Kwa ball python, mbali yofunda ikhale pakati pa madigiri 31 ndi 33 a Celsius, mbali yozizira pakati pa 24 ndi 27, ndipo chinyezi chisatsike pansi pa maperesenti 55 kapena 60. Corn snake imafuna kutentha kocheperako, pafupifupi madigiri 28 mpaka 30 kumbali yofunda ndi 22 mpaka 24 kumbali inayo, ndipo chinyezi cha maperesenti 40 mpaka 60 chimaikwanira. Chotenthetsera chilichonse, kaya ndi babu kaya kamphasa koyala pansi pa khola, chiyenera kulumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa chotenthetseracho kutentha kukafika pa mlingo woikidwa, ndipo babu litchingidwe ndi kawaya kuti njoka isalikulunge. Mbali zonse ziwiri zikhale ndi pobisala, apo ayi njokayo idzasankha kubisala m'malo ozizira kusiyana ndi kukhala poyera pamalo ofunda.

Nyengo ya kumene mukukhala ili ndi gawo lalikulu pankhaniyi. Ku Johannesburg miyezi ya June ndi July imakhala yozizira komanso youma kwambiri, ndipo ku Britain zotenthetsera m'nyumba zimaumitsa mpweya nyengo yonse yachisanu, kotero kuti nthawi zimenezi ndi pamene mavuto a kufundula amachuluka. Kumene magetsi amazimazima, khalani ndi botolo la madzi otentha lokulungidwa m'thaulo loti muziika pambali pa khola, fundikani kholalo ndi bulangete osatseka timabowo ta mpweya, ndipo musadyetse njokayo ngati simukutsimikiza kuti kutentha kukhalapo kwa masiku awiri kapena atatu otsatira.

Kuzindikira kuti nthawi yofundula yafika

Njoka yaing'ono imene ikukula msanga imafundula pafupifupi milungu 4 mpaka 6 iliyonse, pamene yaikulu imafundula kangapo chabe pachaka. Ntchito yonseyi imatenga mlungu umodzi kapena iwiri. Poyamba mtundu wa khungu umazilala, ndipo kwa ball python mamba a pamimba amaoneka ofiirira pang'ono. Kenako maso amachita mbuu, kuoneka otuwa kapena obiriwira ngati mtambo, chifukwa thupi limatulutsa timadzi pakati pa khungu lakale ndi latsopano kuti ziwirizi zilekane. Njoka ilibe zikope. Diso lake limaphimbidwa ndi kamba konga mamba ena a pathupi koma koonekera mkati, ndipo kambako kamafunduka limodzi ndi khungu lonse.

Patapita masiku ochepa maso amayeranso, ndipo apa ndi pamene oweta atsopano ambiri amasokonezeka, poganiza kuti njoka yafundula kale ndipo mwina yadya khungu lake. Sizili choncho ayi. Maso akayera, pamatsala masiku angapo kuti kufundula kwenikweni kuchitike. Njokayo imakhuza mlomo wake pa chinthu chokakala mpaka khungu litang'ambika m'mbali mwa milomo, kenako imakwawa n'kutulukamo, khungulo likutembenuzika monga mmene sokosi imatembenuzikira munthu akamaivula.

Zoyenera kuchita panthawiyi ndi zochepa, koma zichitidwe mwadongosolo. Mukangoona khungu layamba kuzilala, kwezani chinyezi, kwa ball python chifike pa maperesenti 70 mpaka 80. Njira yabwino kuposa kuwaza madzi m'khola lonse ndi kukonza kabokosi kachinyezi. Tengani kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, yokwanira kuti njokayo idzipinde bwino mkati mwake, boolani bowo lolowera m'mbali n'kusalaza m'mphepete mwake, ikanimo sphagnum moss (mtundu wa ndere wosunga madzi) kapena mapepala opukutira onyowetsedwa ndi kufinyidwa, ndipo muiike chakumbali yofunda. Mukatero njokayo imadzisankhira yokha nthawi yolowamo, ndipo pansi pa khola pamakhalabe pouma. Onetsetsani kuti m'mbale muli madzi abwino tsiku lililonse ndiponso kuti m'kholamo muli mwala wokakala kapena khungwa la mtengo loti ikhuzepo mlomo.

Kenako isiyeni. Njoka imene maso ake achita mbuu siiona bwino, imachita mantha, ndipo ngakhale yofatsa imatha kuluma. Khungu latsopano limakhalanso losakhwima moti kuigwiragwira kungaliwononge. Njoka zambiri zimakana chakudya panthawiyi, ndipo palibe chodetsa nkhawa pamenepo. Ndi bwino kungodikira kuti ifundule n'kuidyetsa pambuyo pake.

Kuyang'ana khungu lofundulidwa

Gawo ili ambiri amalidumpha, koma ndi limene limathandiza kuposa ena onse. Njoka ikangofundula, tengani khungulo likadali lofewa n'kulitambasula mosamala. Yang'anani kumutu ngati timamba tiwiri ta m'maso tilipo, ndipo yang'anani kumchira ngati khungulo lafika kunsonga yeniyeni. Mukatha apo, yang'anani njokayo: maso ake akhale owala ndi osalala, ndipo pasakhale kamphete ka khungu louma kotsalira kumchira, pakhosi kapena pafupi ndi potulukira chimbudzi. Musagwiritse ntchito khunguli poyeza kutalika kwa njoka, chifukwa limatamuka ndipo limakhala lalitali kuposa mwini wake.

Lembani m'kabuku tsiku limene yafundula ndi mmene khungulo latulukira, pamodzi ndi masiku amene yadya, amene yachita chimbudzi, ndi kulemera kwake m'magalamu kamodzi pamwezi. Sikelo ya kukhitchini imakwanira pa ntchitoyi. Njoka imawonda pang'onopang'ono kwambiri moti diso la munthu amene amaiona tsiku ndi tsiku silizindikira msanga, koma manambala a m'kabuku amaonetsa.

Khungu likakanirira

Ngati zidutswa za khungu zatsalira pathupi, musazisende zili zouma. Thirani madzi ofunda, a madigiri 27 mpaka 30, m'kontena yokhala ndi chivundikiro chobooledwa timabowo ta mpweya. Madziwo akhale osaya, osapitirira theka la kunenepa kwa thupi la njokayo, kuti izitha kupuma popanda kusambira. Ikani kathaulo pansi kuti ikhale ndi pogwira, muisiyemo kwa mphindi 15 mpaka 30 inu muli pomwepo, ndipo muziona kuti madziwo asazizire. Mukaitulutsa, ilekeni ikwawe kudutsa m'thaulo lonyowa limene mwagwira m'manja mosafinya, kuchokera kumutu kupita kumchira. Khungu lofewa limatsalira m'thaulomo lokha. Ngati lina lakanabe, bwezerani njokayo m'khola lokhala ndi kabokosi kachinyezi n'kuyesanso mawa lake, osati kukakamiza tsiku lomwelo.

Kunsonga ya mchira kumafuna chidwi chapadera. Khungu lotsalira kumeneko likauma limafinya, ndipo njokayo ikafundulanso kawiri kapena katatu osachotsedwa, timphete timeneti timatseka njira ya magazi mpaka nsongayo imada, kufa n'kuduka. Mukaona kuti nsonga yayamba kuda kapena kuuma, nthawi yonyika m'madzi yadutsa ndipo pakufunika dokotala wa ziweto.

Maso nawo ali ndi lamulo lawolawo, ndipo lamulo lake ndi lakuti musawakhudze ndi chopanira, chikhadabo kapena selotepi, ngakhale mutawerenga penapake kuti ena amatero. Diso looneka lokwinyika silitanthauza nthawi zonse kuti kamba kakale katsalira. Nthawi zina ndi kamba katsopano kamene kakwinyika chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo munthu akakasenda amasiya diso lili pamtunda, n'kuchititsa njokayo kusaona kwa moyo wake wonse. Kwezani chinyezi, perekani kabokosi kachinyezi, ndipo kawirikawiri kambako kamachoka pa kufundula kotsatira. Kakapanda kuchoka, kapena diso likatupa, pitani nayo kwa dokotala.

Njoka ikamalephera kufundula bwino mobwerezabwereza pamene chinyezi ndi kutentha zili m'malo mwake, fufuzani chifukwa china. Zipsera za mabala akale zimagwira khungu, kusadya mokwanira kumafooketsa thupi, koma choyamba kukayikira chikhale nthata.

Nthata za njoka

Tizilombo timeneti, totchedwa Ophionyssus natricis, ndi tating'ono ngati kadontho ka cholembera, takuda kapena tofiirira, ndipo timayamwa magazi. Timabisala mozungulira maso, m'kampata ka pansi pa chibwano, ndi pansi pa mamba. Njoka yogwidwa nato imakhala m'mbale ya madzi kwa maola ambiri, ndipo mukayang'ana pansi pa mbaleyo mumapeza timadontho takuda tomira. Njira ina yodziwira ndi kupukuta thupi lake ndi pepala loyera lonyowa n'kuona ngati patsalira timadontho toyenda.

Chimene chimavuta n'chakuti nthata zimaikira mazira m'ming'alu ya khola osati pathupi la njoka, ndipo kuchoka pa dzira kufika pa nthata yaikulu zimatenga milungu iwiri kapena itatu yokha. Kusambitsa njoka kokha sikuthetsa vutoli. Tayani zonse zoyala pansi, tsukani khola ndi ziwiya zake ndi madzi otentha kwambiri, tayani makungwa ndi zina zovuta kutsuka, ndipo yalani mapepala oyera okha kuti muzitha kuona ngati nthata zikadalipo. Bwerezani kutsukako mlungu uliwonse kwa mwezi ndi theka. Mankhwala ake akupatseni ndi dokotala. Mankhwala opopera m'nyumba ophera mphemvu ndi udzudzu amapha njoka. Dziwaninso kuti ivermectin, amene madokotala ena amagwiritsa ntchito pa njoka, amapha fulu ndi kamba wa m'madzi, ndipo permethrin, mankhwala ena ophera tizilombo, ndi woopsa kwa amphaka, choncho muuzeni dokotala za ziweto zina zonse zimene zili pakhomo panu.

Chifuwa, m'kamwa ndi pamimba

Njoka ilibe mnofu umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba mwa anthu ndi nyama zoyamwitsa, kotero siingatsokomole kuti ichotse makhololo. N'chifukwa chake matenda a m'mapapo amakula msanga. Zizindikiro zake ndi kupuma komveka ngati mluzu kapena kuthetheka, thovu m'mphuno kapena m'kamwa, malovu okhuthala, kupuma itayasamula, ndi kukhala mutu uli m'mwamba nthawi yaitali. Kaphokoso kochepa panthawi yofundula kangachokere ku khungu lomasuka m'mphuno ndipo kamatha ikafundula, koma kakapitirira kapena pakakhala thovu, musadikire. Onani ngati khola silikuzizira, kwezani kutentha kufika kumapeto a mlingo woyenera mtunduwo, ndipo pitani kwa dokotala. Si matenda onse a chifuwa amene amachokera ku mabakiteriya. M'chaka cha 2014 asayansi anapeza vayirasi ya mtundu wa nidovirus mwa ball python zodwala chibayo, ndipo vayirasi siimva mankhwala a antibayotiki. Kumwetsa njoka mankhwala otsala a anthu kapena a nkhuku ndi kungotaya nthawi imene ikanapulumutsa moyo wake.

Zilonda za m'kamwa zimayamba ndi timadontho tofiira pankhama, kenako kutupa kwa milomo, malovu ambiri, ndi mafinya achikasu. Mafinya a njoka amakhala olimba, osayenderera ngati a munthu, ndipo sachoka okha popanda dokotala kuwakokolola. Vutoli limayamba kawirikawiri njoka ikadzivulaza pokhuza mlomo pagalasi kapena pawaya pofuna kutuluka, kapena thupi likafooka ndi kuzizira. Likalekereredwa limalowa m'fupa la nsagwada.

Pamimba pamavunda ngati njoka ikugona pa zoyala zonyowa ndi zauve. Mamba amasanduka ofiira kapena abulauni, m'mphepete mwake mumadyeka, ndipo nthawi zina pamatuluka matuza a madzi. Apa pali msampha kwa munthu amene akufuna kukweza chinyezi pothira madzi ambiri pansi: chimene njoka ikufuna ndi mpweya wachinyezi, osati pogona ponyowa. Isamutsireni pa mapepala ouma amene muzisintha akangoda, ndipo ngati pali matuza kapena zilonda zotseguka, dokotala aione. Mabala amoto amaoneka mofanana ndi zimenezi, ndipo amachokera ku babu losatchingidwa, kamphasa kopanda thermostat, kapena miyala yamagetsi yotenthetsera imene, m'kuona kwanga, siyenera kulowa m'khola la njoka n'komwe. Pewaninso utuchi wa paini ndi wa mkungudza, chifukwa mafuta ake onunkhira amapweteka khungu ndi mapapo a njoka.

Kusanza ndi kukana chakudya

Njoka ikasanza mbewa imene inameza, zifukwa zodziwika ndi zitatu: inagwidwa pasanathe maola 48 chidyereni, khola linali lozizira, kapena mbewayo inali yaikulu kuposa pakati penipeni pa thupi lake. Musaidyetsenso nthawi yomweyo. Dikirani masiku 10 mpaka 14 kuti m'mimba mwake muchire, konzani kutentha, ndipo mukatero mupereke mbewa yocheperapo. Ikasanzanso kachiwiri, kapena pakati pa thupi pakatupa molimba pamene njokayo ikuwonda, tengani chimbudzi chake chatsopano m'kabotolo koyera kuti chikayezedwe, pakuti kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamachititsa zizindikiro zoterezi ndipo kamapatsirana pakati pa njoka.

Kukana chakudya kokha si matenda. Ball python yaikulu, makamaka yamphongo m'nyengo yozizira, imatha kukhala miyezi ingapo osadya koma ili bwinobwino, ndipo sikelo ndi imene ingakuuzeni ngati pali chodetsa nkhawa. Ikataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kapena fupa la msana likayamba kutuluka, funani thandizo. Njoka yaing'ono ilibe mafuta oisunga nthawi yaitali chotero, choncho musaidikirire motalika. Muzipereka mbewa kapena makoswe oweteredwa ntchito imeneyi, ouma mufiriji, osungunulidwa bwino mpaka mkati. Khoswe wamoyo wosiyidwa m'khola usiku amatha kudya msana wa njoka imene sikufuna kudya, ndipo khoswe wogwidwa m'nyumba kapena m'nkhokwe angakhale atadya poizoni.

Njoka yatsopano ndi ulendo wa kwa dokotala

Njoka iliyonse yatsopano ikhale m'chipinda chakechake kwa masiku 90, pa mapepala oyera, ndi ziwiya zakezake, ndipo muziisamalira pomaliza mutatha kusamalira zakale. Chifukwa chachikulu ndi matenda otchedwa inclusion body disease, amene amagwira boa (njoka zofanana ndi nsato) ndi nsato zomwe. Amayamba ndi vayirasi ya mtundu wa arenavirus, ndipo alibe mankhwala. Njoka yodwala imalephera kudzitembenuza ikagonekedwa chagada, imapotokola khosi, kapena imakhala ikuyang'ana kumwamba mosalekeza. Boa imatha kukhala ndi vayirasiyi nthawi yaitali osaonetsa chilichonse, pamene nsato imadwala msanga. Zizindikiro zomwezi zingabwerenso chifukwa cha kutentha kopyola muyeso kapena mankhwala ophera tizilombo, kotero njoka yotere ipatulidwe ndi kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo.

Dzitetezeni inunso. Njoka zambiri zathanzi zimakhala ndi mabakiteriya a Salmonella m'matumbo, choncho sambani m'manja ndi sopo mukaigwira kapena mukatsuka khola, musatsukire ziwiya zake m'sinki ya kukhitchini, ndipo ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika asaigwire.

Si dokotala wa ziweto aliyense amene anazolowera njoka, ndipo m'pofunika kufufuza amene amadziwa zokwawa njoka yanu isanadwale. Tsiku lopita kumeneko, iikeni m'thumba la pilo lopanda ulusi wolendewera, mangani kukamwa kwake, ndipo thumbalo muliike m'bokosi lokhala ndi timabowo ta mpweya, pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu ngati kunja kukuzizira. Musasiye bokosilo padzuwa m'galimoto ngakhale kwa mphindi zochepa. Tenganinso kabuku kanu, khungu limene inafundula komaliza, chimbudzi chatsopano ngati chilipo, zithunzi za khola lonse, ndi manambala a kutentha ndi chinyezi a mbali zonse ziwiri, chifukwa mafunso oyamba a dokotala adzakhala okhudza zimenezo.